Feeder pa foni yanga: ndemanga ya wogula kachewere wa ku Ulongue

Ine ndimagula kachewere ndi nyemba kwa alimi a ku Angónia ndi Tsangano n'kukagulitsa ku Tete, nthawi zinanso ku Calómuè kwa anzathu ochokera ku Dedza. Pulogalamu ya Feeder ndakhala nayo kuyambira pakati pa chaka cha 2023, ndipo ndikuipatsa nyenyezi zonse zisanu. Chimene chandigwira mtima n'choti nkhani zimandipeza ndi mamega ochepa, ndipo ndimaziwerenga ngakhale pamalo pomwe netiweki yathawa.

Anandiikira ndi mwana wa mlongo wanga amene amaphunzira ku Tete. Atabwera kutchuthi anandiona ndikutsegula masamba a nkhani limodzilimodzi, lililonse likudya mamega ndi zithunzi komanso zotsatsa malonda, ndiye anati, "Amalume, tabweretsani foniyo. Mukuyenda khomo ndi khomo kufunsa ngati kwagwa nkhani, chonsecho nkhanizo zikhoza kumabwera zokha pakhomo panu." Ndinaganiza kuti ndi zachibwana za ana a sukulu, koma ndinamupatsa.

Mmene anandifotokozera ndi motere. Masamba ambiri a pa intaneti akaika nkhani yatsopano amailembanso pa kamndandanda kena kopanda zokongoletsa, kamene amakatcha RSS kapena Atom. Feeder imapita kukasuzumira timindandanda ta masamba amene mwasankha, n'kukutolerani zatsopano zokhazokha, zaposachedwa pamwamba, zakale pansi. Palibe wina wokusankhirani kuti muone chiyani. Si luso la dzulo ayi: Google inali ndi pulogalamu yake yotere, Google Reader, imene inaitseka mu 2013, koma anthu ena anapitiriza kupanga zawo. Feeder ndi imodzi mwa izo. Ndi ya mafoni a Android, yaulere, mulibe zotsatsa malonda, ndipo sifuna kuti mutsegule akaunti kapena mupereke nambala yanu.

Phindu lake ndimaliona kwambiri tsiku la ulendo. Ndimadzuka kusanache, ndikuyatsa mamega ndili pano pa Ulongue, kukokera chala pansi pa sikirini kamodzi, n'kudikira pang'ono kuti nkhani zilowe. Kenako mamega ndimazimitsa. Matumba akakwera m'lole, ine ndimakhala kutsogolo ndi adalaivala, foni ili m'manja. Msewu wotsikira ku Mussacama uli ndi malo omwe foni imangokhala chete, koma nkhani zanga zimakhala zalowa kale, ndiye ndimawerenga bwinobwino, zina ndikuwawerengera adalaivala mokweza kuti asagone. Pofika ku Moatize, kutentha kutayamba kuluma, ndimakhala nditamaliza zonse. Muzosankha za Feeder muli poti zithunzi zizitseguka pokhapokha muli pa Wi-Fi, ndipo pamenepo ndi pomwe mamega anga anapulumukira. Kale ndinkagula mamega lero, mawa atha. Tsopano amandikhalitsa, ndipo ambiri amathera pa WhatsApp polankhulana ndi makasitomala.

Tsiku limene ndinaikhulupirira zenizeni linali mu Novembala 2023. Ndinali ndi matumba a nyemba oti ndikaperekere ku Calómuè kwa mayi wina amene amandilipira makwacha. M'mawa ndikutsegula foni, mitu itatu yotsatizana yochokera ku masamba a ku Malawi inkanena chinthu chimodzi: kwacha yagwetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti. Ndinakhala kaye pansi. Ndikanapita osadziwa, ndikanalandira makwacha pa mtengo wa dzana, n'kudzazindikira posintha kuti phindu lonse latha. Ndinawaimbira mayiwo, tinakambirana mwaulemu, ndipo tinagwirizana mtengo wina m'mametikali. Ife a m'malire timadya mbali zonse ziwiri, choncho nkhani ya ku Lilongwe imatikhudza ngati ya ku Maputo. Mu Feeder ndinagawa masamba anga m'magulu: Mozambique, Malawi, ndi Nyengo.

Gulu la Nyengo ndinaliika chifukwa cha zimene tinaona mu Januwale 2022, namondwe Ana ataononga mlatho wa pa Revúbuè pakati pa Moatize ndi Tete. Aliyense wonyamula katundu wosachedwa kuwola akukumbukira masiku amenewo. Pano ndimatsata GDACS, imene imachenjeza za anamondwe ndi madzi osefukira, komanso nkhani za Mozambique pa ReliefWeb, tsamba la nkhani za ngozi zogwa mwadzidzidzi ndi chithandizo. Zambiri zili m'Chingerezi, chomwe ndimachimva mwapatalipatali, koma dzina la namondwe ndi dera limene akulowera ndimazigwira. Masamba a gulu limeneli okha ndi amene ndinawalola kuliza foni nkhani ikalowa. Enawo amadikira mpaka ndiwatsegule ndekha. Wailesi sindinaisiye ayi, ndimamverabe, koma wailesi ikanena iwe uli pamsika ukuwerengera matumba, zakudutsa basi, pomwe apa nkhani imakudikira.

Zovuta zilipo, ngakhale zambiri si za pulogalamuyi. Masamba ena alibe RSS n'komwe, makamaka a maofesi ena amene ndikanakonda kumva zidziwitso zawo, ndipo mabungwe ambiri a kuno amangolengeza zinthu pa masamba a mchezo, kumene Feeder singafike. Masamba ena ali nayo RSS koma amangotumiza mutu ndi mizere iwiri. Pa masamba otere muli poti muiuze pulogalamuyi izikatenga nkhani yonse, ndipo pa ambiri zimatheka. Chimandipweteka kwambiri n'choti nkhani za m'Chichewa zobwera mwa njira imeneyi n'zochepa. Za Chipwitikizi ndi Chingerezi ndi mbwee, koma bambo anga aang'ono amene amawerenga Chichewa chokha sindinathe kuwadzazira ngakhale gulu limodzi.

Kuika tsamba latsopano kumafuna kuzolowera. Mumalemba adiresi ya tsambalo, Feeder n'kufufuza yokha. Ikapanda kupeza, yesani kuwonjezera /feed kumapeto kwa adiresiyo, poti masamba opangidwa ndi WordPress, pulogalamu yopangira masamba, amakhala ndi RSS pamenepo. Musaike masamba ambirimbiri tsiku loyamba. Ine ndinaika oposa makumi awiri, m'mawa ndinapeza mulu wa nkhani wosatheka kuumaliza, ndipo ndinachotsa mpaka atatsala asanu ndi atatu amene ndimawerengadi. Chinanso, foni yanga inkatseka pulogalamuyi pofuna kusunga batire, choncho machenjezo ankachedwa mpaka mwana uja atakonza muzosankha za foniyo.

Chaka chatha foni inagwera m'madzi ndikutsuka matumba. Mwayi wake mwana wa mlongo wanga anali atandisungira mndandanda wa masamba anga m'kafayilo kotchedwa OPML, n'kukatumiza ku foni yake. Nditagula ina, anangonditumizira kafayiloko, ndinakalowetsa mu Feeder, ndipo magulu anga atatu anabwerera mmene analili. Ngati mwaiika, chitani zimenezi sabata yomweyo, ndipo kafayiloko mukasungitse kwa m'bale wanu.