Gone to Texas: filimu yokoma pa za nkhondo, yoperewera pa za ukapolo

Ndinagula DVD ya filimuyi kwa wogulitsa wina wa pa intaneti, ndipo ndaionera kawiri, koyamba ndekha, kachiwiri ndi achimwene anga amene amaphunzitsa mbiri yakale kusekondale. Filimuyi inapangidwira wailesi ya kanema ya CBS ku America mu 1986, ndipo ena amaidziwa ndi dzina lakuti Houston: The Legend of Texas. Imatenga maola oposa awiri, choncho si yoyamba kuonera munthu tulo titayamba kale kumugwira.

Nkhani yake ndi ya Sam Houston, amene anabadwa ku Virginia mu 1793, anakhala pakati pa a Cherokee, umodzi mwa mitundu ya eni nthaka a ku America, ali mnyamata mpaka anamupatsa dzina lotanthauza khwangwala, ndipo pambuyo pake anadzakhala bwanamkubwa wa Tennessee. Filimu imamupeza ali pampando umenewo, ukwati wake ndi Eliza Allen ukutha patangopita masabata ochepa chikwatiraneni, iye n'kutula pansi udindo mu 1829 n'kubwerera kwa a Cherokee, kumene mowa unamulowerera kwambiri. Gawo limeneli amalithamangitsa, moti munthu wosadziwa mbiri ya Houston angadabwe kuti Tiana Rogers, mkazi wa Chicherokee amene anakhala naye, walowa liti m'nkhaniyi ndipo watulukamo bwanji.

Pamene filimuyi yandigwira mtima ndi pa zochitika za mu 1836, Houston akutsogolera asilikali a ku Texas pa nkhondo yofuna kupatuka ku dziko la Mexico. Linga la Alamo litagwa m'manja mwa asilikali a Mexico pa 6 Marichi, ndiponso asilikali a Texas oposa 300 amene anagwidwa atawapha ku Goliad kumapeto kwa mwezi womwewo, anthu a Houston ankafuna kubwezera msangamsanga, koma iye anasankha kubwerera chakum'mawa ndi gulu lake losaphunzira bwino za nkhondo, mvula ikugwa, mabanja akuthawa ndi katundu m'ngolo. Akuluakulu a asilikali ake ankang'ung'udza, andale ankamunyoza kuti ndi wamantha, koma iye sankaulula zimene zinali mumtima mwake. Sam Elliott, amene akusewera ngati Houston, wachita bwino kwambiri pamenepa, chifukwa sachulutsa mawu. Amangoyang'ana munthu amene akumunyozayo kwa kanthawi, n'kuyankha mwachidule ndi mawu ake akuya aja, ndipo woonera amaona yekha kulemera kwa udindo wotsogolera anthu amene asiya kukukhulupirira. Achimwene anaimitsa filimu pamenepa kuti tikambirane ngati Houston anali ndi pulani kuyambira pachiyambi kapena asilikali ake ndi amene anamukakamiza kumenya nkhondo, funso limene akatswiri a mbiri amatsutsanabe mpaka lero. Filimu yasankha kumukomera mtima Houston, ndipo sindikuiimba mlandu waukulu pa zimenezo.

Nkhondo ya ku San Jacinto, ya pa 21 Epulo 1836, inatenga mphindi pafupifupi 18 zokha, asilikali a Houston okwana pafupifupi 900 atadzidzimutsa gulu la Santa Anna, mkulu wa asilikali a Mexico, masanasana. Houston anavulala pakakolo, ndipo Santa Anna anagwidwa tsiku lotsatira. Poganizira kuti ndi filimu ya pa kanema ya zaka za m'ma 1980, mahatchi, utsi wa mfuti ndi mizinga zaoneka bwino ndithu, ngakhale zikuchita kuonekeratu kuti ochita sewero anali ochepa poyerekeza ndi chiwerengero chenicheni cha asilikali.

Dandaulo langa lalikulu ndi lakuti nkhani ya ukapolo sinapatsidwe malo oyenera. Dziko la Mexico linalamula kuti ukapolo uthe mu 1829, ndipo ambiri mwa azungu amene anasamukira ku Texas kuchokera ku America ankafuna kupitiriza kugwiritsa ntchito akapolo m'minda yawo ya thonje. Houston mwiniwake anali ndi akapolo. Munthu woonera filimuyi yokha angaganize kuti nkhondo yonse inali ya anthu ofuna ufulu polimbana ndi wolamulira wankhanza basi, pamene ufulu umene ankaunenawo sunakhudze anthu akuda amene anali m'manja mwawo. Ndinakhumudwanso kuti zaka zomaliza za Houston mulibe, makamaka 1861, pamene anamuchotsa pa ubwanamkubwa wa Texas chifukwa chokana kulumbira kuti adzakhala wokhulupirika ku boma la zigawo zakummwera zimene zinapatuka, patatsala zaka ziwiri kuti amwalire ku Huntsville.

Kunena za DVD yeniyeniyo, chithunzi chake ndi cha makanema akale, chosadzaza sikirini ya TV zamakono, ndipo imene ndinalandira ine inalibe mawu olembedwa m'munsi, zimene zinandivutitsa pomva Chingelezi cha kummwera kwa America chomwe ena amayankhula mokoka. Ndikuipatsa nyenyezi zitatu ndi theka mwa zisanu, ndipo mphunzitsi wofuna kuonetsa ana asukulu ayenera kukonzeka kuwonjezera yekha nkhani ya akapolo ija.