Chala choloza pansi, yankho la poyera, kapena uthenga wa kumbali?

Munthu akalemba zolakwika kapena zopanda phindu pagulu la pa intaneti, owerenga timakhala ndi njira zitatu zomusonyezera kuti sitinakhutire: kudina chizindikiro chomutsitsa, kumuyankha pamaso pa onse, kapena kumulembera payekha. Njirazi sizigwira ntchito imodzi, ndipo mikangano yambiri m'magulu athu kuno ku Mzuzu imabuka chifukwa chosankha njira yosayenera nkhaniyo.

Voti yotsitsa, kumene kuli kudina chizindikiro chotsitsa chija, inapangidwira malo amene anthu ndi ochuluka ndiponso sadziwana. Pa Reddit, tsamba la pa intaneti la zokambirana, ndemanga imene yatsitsidwa kwambiri imapita pansi mpaka kubisika, ndipo malangizo a khalidwe la pamenepo amanena kuti munthu atsitse zimene sizikuthandiza zokambiranazo, osati zimene iye sakugwirizana nazo chabe. Pa Stack Overflow, pamene akatswiri a mapulogalamu a kompyuta amafunsana mafunso, anaika mtengo pa voti imeneyi, moti wotsitsa yankho la mnzake amataya pointi 1 pa mbiri yake ya patsambalo, pamene wolemba yankholo amataya 2. Cholinga chake n'chakuti munthu aganize asanadine. YouTube inaona mbali ina ya nkhaniyi, ndipo mu November 2021 inabisa chiwerengero cha anthu osakonda vidiyo, ponena kuti magulu ena ankachita kupangana n'kumaukira opanga mavidiyo amene angoyamba kumene.

Ubwino wa voti yotsitsa ndi wakuti imateteza wowerenga mwachangu popanda kuyambitsa mtsutso. Vuto lake n'lakuti siphunzitsa aliyense, chifukwa wolembayo amangoona kuti wakanidwa koma sadziwa ngati walakwitsa mfundo, kalembedwe, kapena wangodedwa.

Kwathu kuno vutoli limakula, popeza ambiri timakhala pa Facebook ndi WhatsApp, pamene palibe voti yobisa dzina. Facebook inawonjezera zizindikiro za nkhope mu 2016, ndipo chimene chasanduka voti yathu yotsitsa ndi nkhope yoseka, yomwe imaikidwa pa uthenga umene mwiniwake sanalembe kuti useketse. Dzina la woseka limaoneka. Mzuzu ndi mzinda woti munthu amene mwamuseka m'mawa mukhoza kukumana naye madzulo mumsika wa Taifa kapena kukhala naye mpando umodzi m'minibasi yopita ku Luwinga, choncho chizindikiro chimene pa Reddit chikanangokhala nambala, kuno chimakhala chipongwe chochokera kwa munthu wodziwika. Ine ndimaona kuti mwa njira zonse, iyi ndi imene imapweteka kwambiri koma osakonza kanthu.

Yankho la poyera ndi lovutirapo kulemba, koma pali nthawi imene palibe njira ina ingalowe m'malo mwake. Tiyerekeze kuti wina watumiza chithunzi pagulu la ochita malonda n'kunena kuti msewu wa M1 watsekeka pa Chiweta, pamene chithunzicho ndi cha mvula ya chaka china. Mukamulembera payekha, iye adziwa zoona, koma mayi amene amafuna kukapikula mpunga ku Karonga aimitsa ulendo wake pachabe. Apa yankho liyenera kuoneka kwa onse, ndipo likhale pa nkhaniyo, monga kunena kuti, “Achimwene, chithunzichi ndi chakale, basi yochokera ku Karonga yafika masana ano.” Yankho lotere lanena cholakwika, lapereka umboni, ndipo lamusiyira wolembayo mpata wothokoza ndi kufufuta uthengawo. Mawu akuti “bodza limenelo” sapereka mpata umenewu, ndipo kawirikawiri amachititsa munthu kukakamira pa zimene iye yemwe wayamba kale kuzikayikira.

Kuipa kwa njirayi n'kwakuti anthu sadziwa polekezera. Mmodzi akakonza cholakwika, ena khumi amabwera kudzabwereza zomwezo, aliyense akuwonjezera ukali wake, mpaka gulu lonse limakhala ngati bwalo la milandu lopanda mfumu. Ngati wina wanena kale zimene inu mumafuna kunena, n'kokwanira kuika chala chovomereza pa yankho lakelo.

Uthenga wa kumbali ndi woyenera pamene cholakwikacho chikukhudza mwiniwake yekha. Mtsikana amene akugulitsa kaunjika n'kujambula zovalazo mumdima osalemba mtengo, wophunzira wa ku Mzuni amene wafunsa funso loyankhidwa kale dzulo, kapena bambo wachikulire amene watumiza uthenga wa m'banja pagulu la mpingo mosadziwa, onsewa amathandizika bwino akauzidwa popanda omvera. WhatsApp ili ndi njira yoyankhira munthu payekha kuchokera pagulu pomwepo, ndipo n'zodabwitsa kuti ndi ochepa amene amaigwiritsa ntchito. Komanso m'magulu amene anthu amasakaniza Chitumbuka, Chichewa ndi Chingerezi, kalembedwe ka munthu si chifukwa chomutsitsira kapena kumudzudzula poyera ngati mfundo yake yamveka.

Palinso mauthenga amene njira zitatu zonsezi siziwakwanira, monga olonjeza ntchito kapena ngongole munthu akayamba watumiza ndalama pafoni. Kutsutsana ndi wotumizayo kumangochititsa kuti uthengawo upitirire kuoneka, choncho ndi bwino kulemba chenjezo limodzi lalifupi kenako n'kuuza oyang'anira gulu, amene pa WhatsApp ali ndi mphamvu yofufuta uthenga wa munthu wina kuti uchoke kwa onse.