Mabwinja a Great Zimbabwe: tsiku limodzi ndi wolondolera alendo wa pamalopo

Mabasi ochoka ku Blantyre ndi ku Lilongwe kupita ku Johannesburg amadutsa mumzinda wa Masvingo asanakafike pachipata cha Beitbridge, ndipo Amalawi ambirimbiri adutsapo kambirimbiri, ena ali m'tulo, osadziwa kuti pamtunda wa makilomita pafupifupi 30 kuchokera pamenepo pali mabwinja otchuka a Great Zimbabwe. Inenso ndinali m'gulu lomwelo mpaka m'mwezi wa Julaye pamene ndinatsika dala ku Masvingo n'cholinga chokaona malowo ndi maso anga. Zimene ndikufuna kuunika pano makamaka ndi ntchito ya olondolera alendo amene amapezeka pachipata cha mabwinjawo, popeza anthu ambiri amazengereza kulipira ndalama ina pamwamba pa yolowera, poganiza kuti miyala angathe kuiona okha.

Miyalayo munthu angaione yekha ndithu, koma sangaimve. Bambo wachikulire amene anatiperekeza, ine ndi alendo ena atatu, anayamba ndi kutifotokozera dzina la malowo, kuti ambiri amalitenga kuchokera ku mawu a Chishona akuti dzimba dza mabwe, kutanthauza nyumba za miyala, ndipo khutu la Mchewa silivutika kumva ubale wa dzimba ndi nyumba. Mzinda wakale wa Great Zimbabwe unamangidwa ndi makolo a Ashona pakati pa zaka za 1100 ndi 1450, ndipo dziko lonse linatenga dzina lake kuchokera pano pamene linalandira ufulu wodzilamulira mu 1980. Bungwe la UNESCO linaika malowa pamndandanda wa chuma cha dziko lonse lapansi mu 1986.

Anatilangiza kuti tiyambe ndi phiri dzuwa lisanakwere, ndipo langizo limeneli lokha linali lokwanira mtengo wa ntchito yawo. Tinakwera podzera njira yakale, imene imapanikizika pakati pa matanthwe awiri mpaka munthu kumayenda chammbali, mmodzimmodzi. Pamwamba pake m'pamene ndinazindikira luso la amisiri aja: sanalimbane ndi matanthwe amene anawapeza, koma anamanga makoma awo mowatsamira ndi kuwalumikiza, moti nthawi zina diso limalephera kusiyanitsa pamene thanthwe lathera ndi pamene dzanja la munthu layambira. Akuluwo anatisonyeza malo amene akatswiri amati ankachitirapo miyambo ya chipembedzo, kumene kunapezeka zambiri mwa mbalame zosemedwa pamwala wofewa. Mbalame zodziwika zilipo 8, ndipo chithunzi cha imodzi mwa izo n'chimene chili pa mbendera ya Zimbabwe. Kuchokera pamwambapo chigwa chonse chimaoneka, komanso madzi a nyanja ya Mutirikwi chapatali. Okalamba ndi amene mawondo amawavuta asankhe njira ina yatsopano imene siyotsetsereka kwambiri, ndipo wolondolera amafunsa zimenezi ulendo usanayambe.

Tinatsikira ku Great Enclosure, mpanda waukulu wozungulira umene unamangidwa m'zaka za m'ma 1300. Khoma lake lakunja ndi lotalika mamita pafupifupi 250 kuzungulira, ndipo m'malo ena limakwera mpaka mamita 11, lonenepa mamita pafupifupi 5 kunsi kwake. Palibe matope kapena china chilichonse chomatira. Mwala unangosanjikizidwa pa mwala unzake, ndipo chimene chagwira khomalo zaka zoposa 600 ndi kulemera kwa miyalayo ndi kasanjidwe kake. Amene anamangapo nyumba amadziwa mmene khoma la njerwa limang'ambikira likangokumana ndi mvula za zaka zochepa, choncho kuima pansi pa khoma ili kumamutsitsa munthu mtima. Wolondolera wathu anatola kachidutswa ka mwala n'kutifotokozera kuti matanthwe a m'mapiri ozungulira amasendeka okha m'magawomagawo chifukwa cha kutentha kwa usana ndi kuzizira kwa usiku, ndipo amisiri ankafulumizitsa kusendekako poyatsa moto pathanthwe kenako n'kuthirapo madzi. Anatisonyezanso kusiyana kwa makoma oyamba, amene mizere yake ndi yokhotakhota, ndi makoma a pambuyo pake amene mizere yake ndi yowongoka ngati analinga ndi chingwe. Ndikanakhala ndekha sindikanaona kuti m'makoma amenewa muli mbiri ya luso limene linkakula kuchokera kwa atate kupita kwa ana.

M'kati mwa mpandawo muli kanjira kopapatiza pakati pa makoma awiri ataliatali, kozizira bwino ngakhale masana, kamene kamakafikitsa munthu pa nsanja yozungulira yosongokera kumwamba, yotalika mamita pafupifupi 10. Nsanjayi ilibe khomo ndipo m'kati mwake ndi miyala yokhayokha. Ndinayamikira kuti akuluwo sanatipatse tanthauzo limodzi ngati kuti ndi lotsimikizika: anati akatswiri ena amaiona ngati chifanizo cha nkhokwe, chizindikiro cha mfumu imene imadyetsa anthu ake, ndipo anasiyanitsa bwino zimene ofukula zakale anapeza ndi zimene anthu amangokamba. Kwa ine wochokera kumudzi kumene ulemu wa khomo unkaonekera pa kukula kwa nkhokwe, tanthauzo limenelo linandikhala bwino mumtima.

Gawo la ulendowu limene linandikhudza koposa linali nkhani ya mmene mbiri ya malowa inabedwera eni ake. Mjeremani Karl Mauch atafika mu 1871 analengeza kuti wapeza zomanga zokhudzana ndi mfumukazi ya ku Sheba, ndipo Theodore Bent, amene anafukula mu 1891, nayenso anati omanga anali alendo ochokera kutali. Richard Hall, amene anapatsidwa udindo woyang'anira malowa mu 1902, anakumba ndi kutaya dothi lambiri limene munali umboni wa anthu amene ankakhalamo. David Randall-MacIver mu 1905 ndi Gertrude Caton-Thompson mu 1929 anafufuza mwadongosolo n'kutsimikiza kuti omanga anali anthu a mu Africa momwemuno, komabe boma la azungu la Rhodesia, dzina la Zimbabwe panthawiyo, linapitiriza kuphimba choonadicho, mpaka katswiri Peter Garlake anachoka m'dzikolo mu 1970 chifukwa chokana kubisa zimene umboni unkasonyeza. Wolondolera wathu anafotokoza zonsezi modekha, popanda kukweza mawu, ataima pafupi ndi khoma lenilenilo limene anthu ankakanira makolo ake, ndipo palibe chikwangwani chimene chingachite zimenezo m'malo mwake.

Nyumba yosungiramo zinthu zakale ya pamalopo ndi yaing'ono, koma musaidumphe, chifukwa ndimo mmene muli mbalame zija. Imodzi mwa izo inakhala zaka zambiri ku Cape Town, m'nyumba ya Groote Schuur imene inali ya Cecil Rhodes. Zina zimene zinafukulidwa kuno, monga mikanda yagalasi, zidutswa za mbale za ku China ndi ku Persia, komanso ndalama yachitsulo ya ku Kilwa, mzinda wakale wamalonda kugombe la Tanzania, zimasonyeza kuti golide ndi minyanga ya njovu zochokera kuno zinkafika kugombe la nyanja yamchere ya India kudzera padoko la Sofala ku Mozambique, kalekale Apwitikizi asanafike.

Chimene sichinandikwanire ndi nthawi. Maola atatu amene tinayenda nawo anathera paphiri ndi mumpanda waukulu, ndipo mabwinja a m'chigwa, kumene kunkakhala anthu ambiri m'nyumba zadothi zozunguliridwa ndi timakoma ta miyala, tinangowadutsa mothamanga. Ndinabwererako ndekha madzulo ndipo ndinapeza bata lalikulu, kuli apusi okha ndi mitengo ya aloe pakati pa miyala. Ndikulangiza kuti wopita kumeneko anene poyambirira kuti akufuna kuonanso chigwacho mofatsa. Chinanso chimene chinandiwawa sichikhudza malowo: woyendetsa galimoto amene ananditenga ku Masvingo anasintha mtengo titafika, ponena kuti umene tinapangana unali wopita pokha, choncho mugwirizane momveka za kupita, kudikira ndi kubwerera musanakwere. Tengani madola a ku America ang'onoang'ono chifukwa chenji chimavuta, madzi akumwa okwanira, nsapato zogwira bwino pamwala, ndi juzi ngati mukupita m'miyezi ya Juni ndi Julaye, pakuti m'mawa kumazizira kwambiri.

Ntchito ya wolondolera alendo ndikuiyamikira ndi mtima wonse, ndipo ndikadzapitanso ndidzalipiranso mosanyinyirika. Potsazikana, akuluwo anandiuza kuti ndikafuna kuona kumene luso lomanga ndi miyala linalowera mzindawu utayamba kuchepa mphamvu cha m'ma 1450, ndikafike ku Khami, makilomita pafupifupi 22 kumadzulo kwa Bulawayo, kumene makoma ake ndi okongoletsedwa kwambiri koma alendo amafikako ochepa. Ulendo wanga wotsatira wopita kum'mwera ndaukonza kale kuti udzadzere ku Bulawayo.