Mayeso a CLEP anandidulira njira ya ku unamwino, koma mbali imodzi yokha

Ndimagwira ntchito ya CNA, yothandizira anamwino kusamalira odwala, usiku pa nyumba ina yosamalira okalamba kuno ku Indiana, ku America, ndipo chino ndi chaka chachisanu. Amene munaigwirapo mukudziwa mmene msana umalirira ikamakwana 6 koloko m'mawa. Nditatsimikiza zoti ndikufuna unamwino weniweni, mlangizi wa pa koleji ya m'dera lathu anandisindikizira pepala la maphunziro oyenera kumaliza munthu asanapemphe n'komwe malo: Psychology, Human Growth and Development, English Composition, masamu, Anatomy and Physiology magawo awiri, ndi Microbiology. MSCE yanga inangonditsegulira chitseko, sinandichotsere phunziro ngakhale limodzi. Nditawerengetsera nthawi, shifiti ndi ana awiri, ndinapeza zaka ziwiri. Ndinalipinda pepalalo n'kuliponya m'galimoto.

Za CLEP anandiuza ndi mayi wina wa ku Ghana amene timalandizana shifiti. Ndi mayeso a bungwe la College Board, lomwe lija la SAT, mayeso olowera ku koleji, ndipo alipo 34. Ukakhoza, koleji imakulembera makirediti a phunzirolo ngati kuti unakhala m'kalasi semesita yonse. Ambiri ndi a mphindi 90, osankha yankho pa kompyuta. Malikisi amayambira 20 kulekeza 80, ndipo makoleji ambiri amafuna 50, ngakhale kuti iliyonse ili ndi ufulu woika mlingo wake. Mtengo wake nthawi imene ndinkalemba sunkafika madola 100, kupatula kangachepe kolipira pamalo olembera. Pa koleji yathu phunziro limodzi la makirediti atatu limadya madola mazana angapo, buku lake osawerengera.

Ngakhale ndalama ya mayesoyo sindinatulutse. Pali bungwe lina, Modern States, limene limaphunzitsa maphunziro a CLEP pa intaneti mwaulere. Umaonera mavidiyo a aphunzitsi a m'makoleji, kuyankha timafunso, ndipo ukamaliza amakupatsa voucher yolipirira mayeso. Poyamba ndinkayesa pali chinyengo, pajatu kuno chaulere chimakhala ndi mchira. Sindinaupeze mchirawo. Mavidiyo ake ndi aafupi, ndinkaonera pa foni nthawi yopuma ya 2 koloko usiku, hedifoni ku khutu limodzi, linalo likumvetsera belu la odwala. Okha sanandikwanire, ndinabwerekanso buku ku laibulale.

Ndinayamba ndi Introductory Psychology. Tsiku lolemba, foni, wotchi ndi chikwama anandiuza nditsekere m'kabati. Mayi wa pakhomo anayang'anitsitsa laisensi yanga ndi tikiti yolembetsera, chilembo ndi chilembo, chifukwa dzina liyenera kufanana ndendende. Inu amene muli ndi dzina la bambo pa chiphaso china ndi la mwamuna pa china, konzani zimenezi musananyamuke. M'chipindamo munali zii, kuzizira ngati m'filiji. Nditayankha funso lomaliza, kompyuta inandifunsa ngati ndikufuna kuti malikisi atumizidwe kapena afafanizidwe, ndisanawaone. Ukafafaniza suwaonanso. Ndinakhala kaye manja ali pa ntchafu, kenako ndinadina kuti atumizidwe. Inatuluka 61. Ndinaseka ndekha mpaka mnyamata wa pambali panga anacheuka.

Amene anandikomera kwambiri ndi a Human Growth and Development, ndipo ndikuona kuti CNA aliyense ayambire pamenepa. Za makanda ndi za Piaget, katswiri wa kakulidwe ka ana, ndinachita kuloweza, koma za ukalamba ndinali nditaziona ndi maso. Katswiri wina, Erikson, amati pa msinkhu womaliza munthu amayang'ana m'mbuyo, n'kukhutira ndi moyo wake kapena kugwa mphwayi. Nthawi imeneyo ndinkasamalira agogo ena aamuna amene ankadzuka 3 koloko usiku uliwonse n'kuyamba kundiwerengera mayina a anzawo a kufakitale, mmodzi mmodzi, ndipo akafika pa mwana wawo amene sanalankhulane naye zaka zambiri ankangoti duu, kugwira bulangete. Nditawerenga mutu umenewo sindinafunikenso kuubwereza. Ndinapeza 66.

College Algebra ndiye inandigwetsa. Ndinadzitama kuti masamu ndinakhoza ku Fomu 4, osakumbuka kuti padutsa zaka 15. Kakyuleta yako salola, umagwiritsa ntchito ya pa kompyuta pomwepo, ndipo ine ndinali ndisanaiyeserepo. Nthawi inatha ndikufufuza mabatani. Ndinapeza 44. Lamulo lawo ndi loti ukalephera udikire miyezi itatu usanabwereze mayeso omwewo, ndiye ndinangolembetsa kalasi ya masamu. Vuto linali langa.

Chimene ndikanakonda wina akanandiuza msanga ndi ichi. Koleji kulandira CLEP n'kwina, dipatimenti ya unamwino kuiwerengera n'kwinanso. Makirediti a CLEP amalowa pa transcript, chikalata cha zotsatira zako, opanda giredi, palibe A kapena B, ndipo GPA, avareji ya magiredi ako, saikhudza. Pa koleji yathu ofuna unamwino ndi ambiri kuposa malo, choncho amatiika pa mndandanda potengera mapointi a magiredi ndi a TEAS, mayeso olowera ku sukulu ya unamwino. Ine ndinafunsa ku ofesi yolembetsa, anandiyankha kuti inde timalandira, ndinabwerera ndikuvina. Patapita miyezi, mlangizi wa unamwino anatsegula fayilo yanga, nati Psychology yakwana, koma mapointi ake ndi ochepa poyerekeza ndi a munthu amene anapeza A m'kalasi. Palibe anandinamiza, ndinangofunsa pa khomo lolakwika. Kuchokera tsiku limenelo ndimafunsa kwa a unamwino enieniwo, pa imelo, kuti yankho likhale lolembedwa. N'chifukwa chake English Composition ndinakailowera m'kalasi ngakhale mayeso ake a CLEP alipo. Ndinkafuna A ameneyo, ndipo ndinam'peza.

Komanso musayembekezere kuti CLEP ikuchotserani maphunziro olemera aja. Anatomy and Physiology palibe mayeso ake, Microbiology palibenso. Biology ndi Chemistry zilipo, koma mulibe labu, ndipo sukulu zambiri za unamwino zimafuna sayansi yokhala ndi labu ndi giredi. Apa ine sindidandaula. Sindingafune kubayidwa jakisoni ndi munthu amene mafupa anangowaonera pa foni.

Kwa ine phindu linali makirediti 6, semesita imodzi yopepuka, ndi ndalama zimene zinapita ku lendi. Amene akufuna sukulu yongoona kuti phunziro lakwana, osapikisanitsa magiredi, angapindule kuposa pamenepa. Mchemwali wina wa kutchalitchi kwathu wayamba mavidiyo a Sociology, ndipo ndamuuza kuti asalembetse mayeso mpaka imelo ya a unamwino itabwera. Ine panopa Lachiwiri ndi Lachinayi ndimatuluka ku ntchito, kumwa tiyi m'galimoto, n'kukalowa labu ya Microbiology 8 koloko. Sabata yatha timapaka mabakiteriya utoto wa Gram, ndipo chala changa chamkombaphala chikadali chofiirira.