Nyenyezi 3 mwa 5: imapeza matikiti otchipa, koma nkhani yosintha ndege siifotokoza bwino

Pulogalamu yogulira matikiti a ndegeyi ndaigwiritsa ntchito kawiri chaka chino, maulendo onse awiri opita ku Berlin kukaona mwana wanga amene anachira kumayambiriro kwa chaka. Kumene ndimakhala kulibe ndege yopita kumeneko mwachindunji, choncho kusintha ndege panjira sindingakupewe. Nyenyezi ziwiri zimene ndachotsa ndazichotsera nkhani imeneyi basi.

Kufufuza kokha imachita bwino, ndipo siichedwa. Mukalemba kochokera ndi kopita imakuonetsani njira zambiri, mitengo ya masiku oyandikana ndi tsiku lanu, komanso nthawi imene mudikire pakati pa ndege ziwiri. Nthawi za pa tikiti zimakhala za kumalo kumene ndege ikunyamukira kapena kutera, ndiye zimasokoneza mukamadutsa mayiko osiyana nthawi, koma iyo imakuwerengerani maola enieni a ulendo wonse. Pamenepa ndilibe nayo mawu.

Ulendo woyamba ndinasankha wotchipa kuposa yonse, wodzera ku Istanbul, wodikira maola 5. Ndinaona kuti maola 5 ndi okwanira kupuma ndi kuwongola miyendo. Nditalipira kale, imelo inabwera ndi manambala awiri osungitsira malo m'malo mwa imodzi. Apa m'pamene ndinayang'anitsitsa. Ndege yoyamba inkatera pa IST, yachiwiri inkanyamukira pa SAW. Awa ndi mabwalo awiri osiyana: Istanbul Airport ili mbali ya ku Ulaya, Sabiha Gökçen ili mbali ya ku Asia, ndipo kuti muchoke kwina kufika kwinako mumawoloka Bosphorus, kanyanja kopapatiza kamene kamagawa mzindawu pawiri, ulendo wa pafupifupi ola limodzi ngakhale pamsewu patakhala popanda chithinithini cha magalimoto. Chenjezo linalipo, ndisaname, koma linali m'timalemba ting'onoting'ono totuwa pansi pa mtengo, pamene maso a munthu amene waona tikiti yotchipa safikapo.

Zimene ndinagulazo kwenikweni anali matikiti awiri a makampani awiri omwe sagwirira ntchito limodzi. Kampani yachiwiri sinkadziwa n'komwe kuti ndikuchokera m'ndege ina. Chikwama sichikanapitirira chokha mpaka ku Berlin. Ndinayenera kudinditsa pasipoti n'kulowa m'dziko la Turkey, zimene zinafuna visa yomwe ndinathamangira kupempha pa intaneti kutatsala masiku ochepa. Kenako kudikira chikwama pa lamba, kukwera basi kudutsa mzinda wonse, kukapimitsanso chikwamacho, kusechedwanso. Makampani ambiri amasiya kulandira katundu kukatsala ola limodzi kuti ndege yopita kunja inyamuke, ndiye maola 5 aja anali atasanduka 4 ndisanatsike n'komwe. Kuwonjezera apo, tikiti yoyamba inkalola chikwama cha makilogalamu 23, pomwe yachiwiri inkangolola kachikwama ka m'manja. Ndalama imene ndinkaganiza kuti ndapulumutsa inathera pa visa, basi ndi kulipirira katundu.

Ndinafika pa kauntala kutatsala mphindi 10 kuti atseke, malaya atanyowa ndi thukuta, ndikukoka chikwama chodzaza ndi tizovala ta mdzukulu wanga. Chimene chimandipwetekabe mtima n'chakuti ndikanachedwa mphindi 10 zimenezo, palibe kampani ya ndege imene ikanandimvera. Yoyamba ikanati ntchito yake yatha chifukwa yandifikitsa ku Istanbul. Yachiwiri ikanati sindinabwere, ndipo pa matikiti ambiri ukaphonya mbali yopita, yobwerera imafufutidwanso. Eni pulogalamuyi amagulitsa chitsimikizo chakuti akupezerani ndege ina mukaphonya, ndipo ndinali nditachilipira. Ndili m'basi, magalimoto ataima, ndinayesa kuwapeza kuti ndidziwe chochita zikavuta. Anandiyankha ndi makina olemba mauthenga, ndipo munthu weniweni anadzandilembera ndili kale mumlengalenga. Mwina chitsimikizocho chimagwira ntchito, koma pa nthawi imene mtima unali m'mwamba sichinandikhazike pansi.

Ulendo wachiwiri ndinachita kufunafuna mpaka ndinapeza batani lochotsa maulendo a matikiti osiyana. Lilipo, koma analibisa mkati mwa zosankha zina. Ndinagula tikiti imodzi yodzera ku Doha, yodikira ola limodzi ndi mphindi 50. Poyamba ndinkaona ngati nthawiyo yachepa, koma bwalo lililonse lili ndi nthawi yochepetsetsa yosinthira ndege, ndipo makampani sagulitsa tikiti imodzi yoperewera pa nthawi imeneyo. Tsikulo kunali mphepo yamkuntho, tinanyamuka mochedwa, ndipo ndege ya ku Berlin inandisiya. Ndinapita pa desiki ya osintha ndege, anandiika m'ndege yotsatira osalipira kalikonse, ndipo chikwama ndinakachipeza pa lamba ku Berlin. Ulendo umene ndinaphonya ndege ndi umene unayenda mwamtendere kusiyana ndi umene ndinaipeza.

Pali chinanso chimene tikiti imodzi imakupatsani. Lamulo la European Union la 2004, nambala 261, limati ndege yonyamukira m'mayiko amenewa ikakufikitsani kumene mukupita mochedwa ndi maola 3 kapena kuposa, mutha kulandira chipepeso cha mayuro 250 mpaka 600 malinga ndi kutalika kwa ulendo, pokhapokha ngati chochedwetsa chinali chosapeweka monga nyengo yoipa. Pa tikiti imodzi amawerengera kuchedwa kwa kumapeto kwa ulendo wonse. Pa matikiti awiri, iliyonse imaima payokha. Pulogalamuyi siinena chilichonse pa zimenezi pamene ikuika mitengo iwiriyi pamzere umodzi ngati kuti ndi katundu wofanana.

Siifunsanso kuti pasipoti yanu ndi ya dziko liti, pomwe funso limeneli ndi limene limasiyanitsa njira yotheka ndi yosatheka. Mukadzera motsatizana mabwalo awiri a m'dera la Schengen (gulu la mayiko a ku Ulaya amene anthu amayenda pakati pawo osaonetsa pasipoti pamalire), mwachitsanzo Frankfurt kenako Paris, mwalowa m'deralo ngakhale mukupita kwina, ndipo visa imafunika kwa amene mayiko awo amafunika visa. Ku United States aliyense amadutsa kwa a zolowa ndi kutuluka pa bwalo loyamba, ngakhale akungodutsa. Vuto la mabwalo awiri lija si la Istanbul yokha: London ili ndi Heathrow ndi Gatwick, kuphatikizapo ena, Paris ili ndi Charles de Gaulle ndi Orly. Munthu wachikulire amene akukwera ndege koyamba angazidziwe bwanji zimenezi ngati womugulitsa tikiti sanamuuze?

Kwa eni ake ndikupempha zinthu ziwiri: chenjezo la matikiti osiyana likhale lalikulu ngati mtengo, ndipo batani lija libwere patsamba loyamba. Ndibwereranso ku Berlin mdzukulu akamakwanitsa chaka, ndipo ndidzafufuzira pa pulogalamu yomweyi chifukwa pofufuza ilibe vuto. Koma ndisanalipire ndidzayamba ndaona zilembo zitatu za bwalo lililonse, ndipo ndidzagula tikiti imodzi yokha.