Chipinda cha uphungu wa ana: thandizo lilipo, koma mulawire

Amene muli ndi mwana yemwe wangosintha khalidwe mwadzidzidzi, ndikuuzeni za chipinda cha uphungu wa ana chomwe chili pa chipatala china kuno ku Blantyre. Ndimapitako ndi mwana wa achemwali anga, mnyamata wa Sitandade 4.

Chiwombere namondwe wa Freddy mu Malichi 2023, pomwe matope ochokera m'phiri la Soche anakokolola nyumba kwathu ku Chilobwe, mnyamatayu anayamba kukodza pogona. Kumwamba kukangoda, sukulu ankakaniratu. Agogo ake ankati ndi mwano basi, anthu ena ankati wachitidwa chipongwe.

Alangizi ake ndi mayi wofatsa, wosathamangira kufunsa. Tsiku loyamba anamupatsa pepala ndi makrayoni, nkumati, "Mwanawe, jambula kwanu." Anajambula nyumba yopanda denga. Zomwe anakanika kutiuza ife kunyumba anaziyankhula akuloza papepalapo, ine ndili phee pakona.

Chomwe sindinkayembekezera nchakuti theka la nthawiyo ndi la iwe kholo. Mwana anamutulutsa kaye, nkundifunsa amene amagona naye, zomwe timanena tikapeza mphasa yanyowa, ngakhalenso ngati timakamba za maliro a nthawi ija iye akumva. Anandifotokozera kuti mwana amene wadzidzimuka kwambiri mantha ake amatulukira m'thupi: mimba kuwawa, maloto oipa, mkodzo. Kumukalipira kapena kuyanika zofunda poti anzake aone kumangowonjezera. Anatitumizanso kwa adokotala kuti ayeze mkodzo, poti nthawi zina vuto limakhala matenda enieni. Apa ndiye anandigwira mtima, sanafune kungoganizira.

Zodandaula zilipo ndithu. Mlangizi ndi mmodzi yekha, ndiye ukafika dzuwa litakwera, konzeka kukhala pabenchi mpaka masana. Amatsegula masiku a sukulu okhaokha, kutanthauza kuti mwana ajombe, iwenso geni iime, kuwonjezera ya minibasi anthu awiri. Chondinyansa kwambiri ndi khoma: ndi lathabwa, moti nkhani ya banja lina unkaimva uli panja. Nkhani zina za ana ndi zankhanza, zosayenera kumvedwa ndi aliyense wodikira. Akonze zimenezo.

Kodi mnyamata wachira? Pang'onopang'ono. Zofunda zikumauma masiku ambiri, ndipo kusukulu akupita, ngakhale mvula ikagunda amafunabe kukhala pafupi ndi munthu wamkulu. Alangizi anatilembera kakalata kopita kwa aphunzitsi ake kuti zikatero azimusendeza kutsogolo, osati kumuseka.

Mukamapita tengani buku lake lakuchipatala, kamba pang'ono, komanso munthu amene amakhala ndi mwanayo tsiku ndi tsiku, chifukwa mafunso ake bambo wongobwera madzulo sangawathe. Ngati nkhaniyo ndi yoti mwana akuchitiridwa nkhanza, musadikire tsiku la benchi: imbani 116, nambala yaulere yothandiza ana.