Kuwerengera kutentha kosungunula ayezi: njira yachidule kapena yaitali?

Amene mumagulitsa zakumwa zozizira kuno ku Johannesburg, ngakhalenso inu ana asukulu, funso lanu ndi limodzi: kodi ayezi amameza kutentha kochuluka bwanji asanatheretu? Njira zowerengera zilipo ziwiri.

Yachidule imangoona kusungunuka basi. Kilogalamu imodzi ya ayezi imafuna 334 kJ (makilojulu, muyeso wa mphamvu ya kutentha) kuti isanduke madzi. Tengani madzi a malita 2 amene mwaumitsa m'mabotolo, amenewo ndi makilogalamu 2. Chulukitsani 2 ndi 334, mupeza 668 kJ. Nthawi yonse imene ayeziyo akusungunuka amakhala pa 0°C, sakwera ngakhale pang'ono, chifukwa kutentha konse kumathera pomasula timadzi tomwe tagwirana. Ketulo ya mawati 2,000 ingatulutse mphamvu imeneyi m'mphindi zisanu ndi theka.

Yaitali imakumbukira kuti ayezi wa mufiriza satuluka ali pa 0°C. Mafiriza ambiri amakhala pa -18°C, ndiye ayezi ayenera kuyamba wafika kaye pa 0°C: 2 × 2.1 × 18, pafupifupi 76 kJ (2.1 ndi ma kJ ofunika kuti kilogalamu imodzi ya ayezi ikwere ndi 1°C). Kenako muwonjezere 668 kJ ija. Akasungunuka, madziwo amapitirizabe kuziziritsa zakumwa. Tiyerekeze kuti afika pa 10°C: 2 × 4.2 × 10, ndi 84 kJ (4.2 ndi ma kJ ofunika kuti kilogalamu imodzi ya madzi ikwere ndi 1°C). Zonse pamodzi, 828 kJ. Apa anthu ambiri amasokoneza 2.1 ya ayezi ndi 4.2 ya madzi, chonde samalani.

Ndiye njira yachidule yasiya 160 kJ, pafupifupi gawo limodzi mwa magawo asanu. Pamayeso, funso likanena kuti ayezi wayambira pansi pa 0°C, tsatirani yaitali osadumpha. Koma kwa wa geni ine ndimakonda yachidule, poti imakusonyezani pamene pagona mphamvu. Taonani: malita 2 a madzi ongozizira, ochoka mufiriji ali pa 4°C, amameza 50 kJ yokha pofika pa 10°C. Pomwe botolo la malita 2 louma gwa, lija lochita kuyera kunjaku ndi kumata zala mukaligwira, limameza 828 kJ. Magetsi akathima, musadalire madzi ozizira. Umitsiranitu mabotolo, osawadzaza mpaka kukamwa chifukwa madzi amafufuma akamaundana.

Kukwera kwa mzindawu, pafupifupi mamita 1,750, kusakudetseni nkhawa. Kumachititsa madzi kuwira pa 94°C kapena chapompo, koma ayezi amasungunukabe pa 0°C monga ku Mangochi.